Yachikasu ndi Yobiriwira pa Zalewa

Kuyendetsa? Ayi, ine chiwongolero sindinachigwirepo mpaka lero. Anthu amangoganiza choncho poti galimoto ija inkagona kuseri kwa nyumba yathu. Ine zanga zinali zokweza matumba basi. Ndili mnyamata ndinagwirapo pa lole yonyamula mbatatesi kupita nayo ku Limbe, ndiye pamudzi ankati uyu amadziwa zamagalimoto. Kudziwa kwake kuti? Kukhala pamwamba pa matumba mphepo ikukumenya, ndiye kudziwa injini kumeneko? Koma nchifukwa chake anatuma ine.

Kwathu ndi ku Lisungwi. Kuno ku Dambe ndinabwera chikamwini, nyumba ndinamanga pamalo pa akuchikazi, munda wa akuchikazi, ana omwe ndi a mbumba ya kuno. Muyambe mwamvetsa zimenezo, apo ayi muziti bwanji bamboyu sanangolamula.

Chinali chaka chotsatira titavota ulendo woyamba uja wa zipani zambiri. Mayi akunyumba anaponda chitsa m'munda wa tirigu. Kabala kakang'ono, pansi pa phazi. Tinati kapola. Sikanapole. Kanakula, kanayamba kutuluka madzi, phazi lonse nkutupa. Pachipatala chathu chaching'ono ankatsuka nkumanga, kenako adokotala anandiitanira pambali, amvekere: "Bambo, awa ali ndi shuga. Chilonda ichi cha kuno ayi. Pitani nawo ku Blantyre mvula isanayambe, ndipo si ulendo umodzi, muzikabwererako. Mukachedwa, mwendowu akachotsa."

Tinayesa matola. Ndinawakhazika pamatumba, mwendo ndaunyamula ine m'manja. Msewu wotsika kuno mukuudziwa. Tisanafike pa boma anakomoka, mnyamata wina atawaponda ndi jombo pofuna pogwira. Tinabwerera pomwepo. Ambulansi inalipo imodzi dera lonse, nayo inkathamangira amayi oyembekezera.

Mchimwene wawo wamkulu wa mayi akunyumba ali ku Joni. Atamva, anatumiza ndalama ndi munthu wobwera kumudzi, ati banja ligule galimoto, yamphamvu, yokwera mapiri, ithandize mlongo wake kenako izithandiza mudzi wonse. Ndalamazo zinafikira kwa a malume awo, mwini mbumba, monga mwa mwambo. Woyendetsa analipo kale: mlamu wanga wamwamuna wamng'ono, amene anayendetsapo matola. Choncho ndalama kwa a malume, laisensi kwa alamu. Ine miyendo.

Pa Zalewa panali bambo wina wa sitolo, Msilamu, wa kapewa koyera. Anzathu a ku Mozambique atabwerera kwawo, mabungwe owathandiza anayamba kugulitsa katundu, iye nkugulako galimoto ziwiri. Ndinazipeza kuseri kwa sitolo, pafupi ndi matumba a makala. Zazikulu, zazitali, matayala ngati a thalakitala, zitseko ziwiri kumbuyo. Ina yachikasu, ina yobiriwira.

"Izi nzofanana?" ndinafunsa.

"Mimba imodzi, achimwene. Mapasa. Mtengo umodzinso."

"Nanga mitunduyi?"

Anaseka. "Zonse zinabwera zoyera, zili ndi zilembo za eni ake. Ndinakapakitsa ku Limbe. Masiku ano kasitomala ali pawiri. Wobwera wa boma latsopanoli apeze yake, wa chipani chakale chija apezenso yake. Ine chipani changa ndi sitolo."

Ine ndinachita zimene ndinkaona madalaivala akuchita. Ndinamenya matayala ndi phazi. Ndinatsegulitsa kutsogolo, nkuyang'anamo nthawi yaitali, mutu ukugwedera ngati ndikuwerenga. Anailiza yachikasu, inati gududu. Anailiza yobiriwira, nayo gududu. Ndinagwada nkusuzumira kunsi. Fumbi lokhalokha, uku ndi uku.

Nditabwerera tinakhala pakhonde pa a malume. Ndinafotokoza zonse. Nditangotchula mitundu ndinaona kuti zavuta. A malume anali tcheyamani wa chipani chakale pamudzi pano zaka zambiri, ndipo kugonja kuja sanakumeze. Alamu anga ndiye anali wovina pamisonkhano ya achikasu, malaya, chipewa, zonse.

"Yobiriwira," anatero a malume. "Nkhani yatha."

"Ikayendetseni nokha," anatero alamu. "Ine ndidutse pa boma ndili m'chimenecho? Anzanga aziti ndagulidwa."

"Wagulidwa kale iwe, ndi chipewa."

"Malume, munaluza. Vomerezani, sizipha."

"Inu opambana, feteleza mukugula bwanji chaka chino? Ufulu wanuwo muthira m'chimanga?"

Anakangana mpaka nkhuku kulowa. Dzina la wodwala silinatchulidwe nkamodzi komwe. Ine ndinadikira mpata, nkunena motsitsa kuti kodi bwanji tigule iliyonse, tikaipake yoyera, poti mkati mwake zonse nzoyera kale. Alamu anati Zalewa yonse yaziona, aliyense adzadziwa chimene chili pansi pa utotowo. A malume sanakweze nkomwe mawu.

"Mkamwini, inu tinakutumani kukaona. Zoganiza tisiyireni eni ake."

Ndinangoti zikomo. Ndikanatani? Ndikanati ndiyankhe, mawa lake akanandionetsa njira ya ku Lisungwi, wodwala nkutsala ndi yani?

Ndiye anayamba kundituma. A malume amati pitani mukaonetsetse, yachikasuyo iyenera kuti ili ndi chilema. Alamu amati alamu, kamvetsereni bwino yobiriwirayo, injini yake ikutsokomola, ndikudziwa ine. Aliyense ankafuna ndibwere ndi bodza lomukomera. Ine bodza lake sindinkalidziwa nkomwe kapangidwe kake. Ndinkatsika, kumenya matayala omwe aja, kumvetsera gududu yemwe uja, nkubwerera. Mwini sitolo anayamba kumandipatsa tiyi osafunsa. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achimwene, ine sindikukuthamangitsani. Koma kwabwera munthu wa ku Mwanza, waziyang'ana kawiri. Ndipo taonani kumwambaku."

Ndinayang'ana. Mitambo inali itayamba kuunjikana kumapiri kwathu.

Kunyumba fungo linali litafika pakhomo. Mayi akunyumba ankaphimba phazi ndi chitenje chifukwa cha ntchentche, ndiponso kuti ana asaone. Ndikalowa ankandifunsa, "Mwaziona?" Ine, "Ndaziona." "Zili bwanji?" "Zili bwino zonse." Iwo nkutembenukira kukhoma. Sanandinyoze, ayi. Bola akanandinyoza. Ndinkakhala pamphasa nkumaganiza, kodi munthu wamkulu, wa ana, ungalephere kusankha pakati pa zinthu ziwiri? Koma kusankha kwake kunali kuti? Yobiriwira inalibe woyendetsa. Yachikasu inalibe ndalama. Ndinaganizapo zopeza dalaivala wakunja, koma a malume anati galimoto ya banja sapatsa mlendo mwana wa pakhomo alipo. Paliponse pamene ndagwira pankaterereka.

Kenako thupi la mayi akunyumba linayamba kutentha. Anayamba kuyankhula zosamveka, kuitana mayi awo amene anamwalira kale. Chizimalupsa chinagwa sabata imeneyo.

Mayi akunyumba ali ndi mng'ono wawo, wamkazi, amene nthawi imeneyo ankagulitsa manachesi ndi nthochi m'misika. Wapakamwa kwambiri, ine ankandiseka kuyambira tsiku limene ndinabwera kudzafunsira. Anali atapita kwa apongozi ake kukakolola nandolo, ndiye zambiri sanazione. Atafika analowa m'nyumba, anavundukula chitenje chija, anatuluka. Sanalire. Anandipeza ndili pa mtondo.

"Alamu, ndamva mwatha nsapato ndi Zalewa. Mukukafunsirako mkazi wina?"

"Musatero alamu, mutu wanga sukugwira."

"Unayamba wagwirapo liti? Mawa tipitira limodzi. Ndikazione zibwenzi zanuzo."

Tinatsika m'mawa. Atafika sanayang'ane tayala, sanafunse za injini. Anauza mwini sitolo kuti atsegule kumbuyo. Anavula nsapato, anamanga chitenje bwinobwino, nkukwera m'yobiriwira. Ine ndimati akufuna kukhala pampando. Ayi, anagona chagada pansi, pakati pa mabenchi. Anthu ogulitsa chimanga chootcha anayamba kusonkhana.

"Mayi, mwatopa?" anafunsa wina.

"Ndikuyesa bokosi, bwera nawe uyeseko," anamuyankha. "Alamu, tsekani chitseko."

Chitseko chinakana. Mapazi ake anatsalira kunja. Mabenchi a m'menemo anali owotcherera, osasuntha, ndipo kutsogolo kwake anamangirirako thanki ina ya mafuta. Anatsika nkukwera m'yachikasu. M'menemo benchi limodzi linkapindika nkutsamira kukhoma, thanki munalibe. Anagona, anatambasula miyendo, anakweza mwendo umodzi nkuusanjika pa mtanga wake. Ndinatseka. Chinatsekeka, malo nkutsalako a munthu wokhala pambali.

Anatuluka akukung'untha fumbi. "Achemwali ndi ine msinkhu ndi umodzi. Ndi iyi. Inu masiku onsewa mumayang'ana chiyani?"

Ine ndinkayang'ana kumene amuna amayang'ana. Kumbuyo ndinkangosuzumira nkuti eya, malo ambiri.

Mtima unatsikako, koma pang'ono. Tili m'matola pobwerera ndinati, "Nanga a malume? Yachikasu ndalama satulutsa. Ndikawauza zamabenchi adzati ndapangana ndi alamu."

"Inu musakanene kanthu. Mkamwini amathamangitsidwa. Ine andithamangitsira kuti? Mchombo wanga uli pomwepo."

M'mawa mwake anaitana amayi a pamudzi, azakhali, asuweni, onse a mbumba. Anamanga machira ndi nsungwi ndi bulangete. Ine anandiletsa kugwira. Amayiwo anawanyamula okha mayi akunyumba, kudutsa pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo, ana akutsatira, nkukawatula pakhonde pa a malume, pakhomo penipeni. A malume anali akumwa tiyi. Mlamu wanga wamkazi uja anachotsa chitenje kuphazi.

"Malume, mbumba yanu iyi. Takutulirani. Mwamuna wake walephera, si wake. Muzimutsuka ndinu, muziingitsa ntchentche ndinu. Akadula mwendo mudzausunge, mudzaupake mtundu umene mukufuna."

Amayi onse anakhala pansi pabwalo. Ine ndinaima kutali, pansi pa mtengo wa pichesi, manja kumbuyo ngati mlendo pamaliro. Mkazi wanga ali apo, akubuula, ntchentche zayamba kale, ine osatha ngakhale kusendera. Sindikudziwa ngati munayamba mwaimapo chonchi.

A malume chilondacho anali asanachionepo. Ankangomva. Anayang'ana, anaika kapu pansi. Anati, "Phimbani." Palibe anasuntha. Anabwerezanso, mawu atasintha, "Phimbani, mwana wanga." Analowa m'nyumba, anakhalitsamo, nkutuluka ndi kathumba. Sanapatse ine, sanapatse alamu oyendetsa aja. Anaika m'manja mwa mtsikanayo.

"Ine m'chimenecho sindidzakweramo. Ngakhale maliro anga, mudzandinyamule pamapewa."

"Tamva, malume. Mukadali olemera, tidzaona."

Alamu oyendetsa aja anatsika tsiku lomwelo kukaitenga, akuimba nyimbo zawo zachipani. Mchemwali wawo wapakamwa uja anawauza kuti akangoliza hutala pakhomo pa a malume awathyola dzanja. Inafika madzulo, ndipo m'mawa tinanyamuka, mvula ikuwaza. Tinayala matiresi kumbuyo, benchi titalipinda. Ine ndinakhala pambali nditagwira mwendo, mlamu wanga wamkazi atawagwira mutu. Potsika galimoto inkaterereka, kumbuyo kukufuna kutsogola. Chakufupi ndi Ligowe tinapeza lole itatitimira, ife tinadutsa m'mbali, matope mpaka m'mawindo. Titafika pa tala inalibenso mtundu, inali yofiira ngati dothi lathu. Wodwala njira yonse sanadziwe kanthu.

Ku Blantyre adokotala anayang'ana phazi, anayang'ana ine. Anafunsa kuti munali kuti nthawi yonseyi. Ndikanawauza chiyani? Kuti tinkasankha utoto? Anati ayesetsa, koma salonjeza.

Anachotsa zala ndi mbali ina ya phazi. Chidendene chinatsala, mwendo unatsala. Mpaka lero amayenda chotsimphina, nsapato ya kumanzere timaikamo nsanza, ndipo kumunda wa kuphiri anasiya kupita. Nthawi zina ndimaganiza kuti tikanapita mwezi umene adokotala athu ananena, mwina zalazo zikanakhalapo. Mwina ayi. Sindidziwa, ndipo palibe amene angandiuze.

Mayi akunyumba atatsitsimuka bwino m'chipatala muja, ndinali nditakhala pansi pafupi ndi bedi. Anayang'ana denga, anayang'ana nsalu zomanga kuphazi, nthawi yaitali. Kenako anandifunsa motsitsa.

"Kuno ndi ku Blantyre?"

"Eya."

"Tinabwera pa iti?"

"Yachikasu."

"A malume analola?" Anayesa kuseka, koma kunawapweteka. "Ndiye munalimba mtima, bambo a ana. Munawauza chiyani?"

"Ine sindinanene kanthu."

"Nanga ndani?"

"Mng'ono wanu."