Kapikapu Kanga Katakana Kulira M'munsi mwa Chowe

Tinanyamuka ku Namwera dzuwa litangotuluka, amayi ovina atadzaza kumbuyo kwa kapikapu kanga, ng'oma zili pamiyendo. Ine ndinali mphunzitsi wobwera, wa ku Dedza, ndipo pasukulu ponse wagalimoto ndinali ndekha. Choncho Che Saidi, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, atandiuza kuti ndikatule amayiwo kumsonkhano waukulu ku boma la Mangochi, silinali pempho ayi. Masiku amenewo ukachedwetsa amayi sankati galimoto yawonongeka. Ankati mwini wake ali ndi maganizo ena, ndipo anthu a maganizo ena ankatengedwa osatsanzika.

Sabata yomweyo makaniko wa pamsika anali atakasintha kagalimotoko. Fumbi la msewu wathu linkatseka sefa ya mpweya pafupipafupi, ndiye iye anawotcherera paipi yaitali kuchokera pa sefayo, kukwera m'mbali mwa chitseko cha kumanzere mpaka kupitirira denga, kuti injini izikoka mpweya wa m'mwamba. Ndinkainyadira paipiyo ngati mwana woyamba.

Phiri la Chowe tinatsika bwino, amayi akuyeserera nyimbo, Che Saidi ali pambali panga atakumbatira mbendera ya chipani yokulungidwa pandodo yake. M'munsi mwa phiri tinaima pa kagolosale kuti amayi avule zafumbi ndi kuvala nsalu za kumsonkhano. Ine ndinalowa mkati, ndinamwa tiyi wa matambala asanu ndi chitumbuwa chozizira. Potuluka ndinaona mbendera ija ikupepeluka pamwamba pa galimoto, ndipo ndinangoti aimangirira ndi chingwe.

Ndinapotokola kiyi. Injini inazungulira, koma osalira. Kachiwiri, chimodzimodzi.

"Aphunzitsi," anatero Che Saidi mosakweza mawu, "phiri lonse lija yatsika yokha. Pano yaona chiyani?"

"Ilira, atcheya. Kanthu kakang'ono."

"Ilire ndithu. Dzuwa likafika pamutu atseka pa mlatho, ndipo wokafotokoza si ine."

Ndinatsegula boneti. Petulo analimo. Mawaya a batire anali olimba. Amayi anakankha, nsalu zatsopano zili m'thupi, koma kagalimotoko kanangotsokomola n'kukhala chete. Malole a madera ena ankatidutsa, amayi awo akuimba ndi kutigwedezera manja, ndipo athuwo nyimbo zinawathera. Che Saidi anayamba kufunsa mwini golosale, mokweza tsopano, ngati wandiona ndikugwira china chilichonse pa injini tisanamwe tiyi. Ndinaganiza za mkazi wanga amene ndinamusiya akuchapa matewera.

Nditamasula pulagi imodzi ndinaipeza yonyowa, ikununkha petulo. Mafuta ankafika, chosowa chinali mpweya. Ndinachotsa chivundikiro cha sefa n'kuyesanso. Injini inazengereza, kenaka inalira, utsi wakuda uli tolo! Amayi analulutira. Nditabwezera chivundikirocho, inazima pomwepo.

Apa m'pamene ndinatsatira paipi ija ndi maso mpaka pamwamba. Ndodo ya mbendera sinamangidwe ndi chingwe. Che Saidi anaizika m'kamwa mwa paipi, n'kutsenderamo nsanza kuti isagwedezeke.

Kuizula kunali kutsitsa mbendera ya chipani anthu akuona. Kunena kuti ndiyo yatsamwitsa galimoto kunali koposa pamenepo, ndipo munthu akanafuna akanakazifotokoza bwino lomwe ku boma. Abiti Jafali, mayi wachikulire wotsogolera nyimbo, anali atasendera pafupi nane. Maso ake anakwera paipi, n'kutsikira pa ine.

"Mwaona chiyani, baba?" ananong'ona.

"Palibe, mayi."

"Inenso palibe. Tiyeni tizipita."

Ndinachotsanso chivundikiro chija n'kuchiponya pansi pa mpando. Ndinkadziwa kuti injini imeza fumbi lonse la malole ali patsogolo pathu, koma injini ili ndi sipeya. Che Saidi atafunsa chomwe chinavuta, ndinati kawaya kanamasuka.

"Makaniko anuwa ndi achinyengo," anatero. Ndinavomera ndi mutu.

Pa mlatho wa Shire tinapeza achinyamata a chipani akukoka kale mtengo wotchingira msewu. Mmodzi anakweza dzanja kuti tibwerere, koma ataona mbendera anatilozera kuti tidutse msanga. Che Saidi anandimenya pabondo mokondwa.

"Mwaona? Ikanapanda iyi bwenzi titagona kutsidya. Isachokenso pamenepo."

Amayi anatsika n'kuthamangira kubwalo, ng'oma zili pamutu. Ine ndinatsala m'galimoto.

Mawa lake ndinabwerera kwa makaniko uja ndi kumuuza kuti adule paipiyo mkati mwa boneti, sefa izikoka mpweya monga kale, koma chakunjacho asachikhudze. Anayang'ana mbendera, anayang'ana ine, natenga sowo osafunsa kanthu. Ulendo umenewo unandiphunzitsa kuti kupeza chovuta pa injini n'kosavuta, chinkavuta ndi kuchitchula. Mbenderayo ndinayenda nayo mpaka tsiku limene anandisamutsa ku Namwera, ndipo ngakhale mkazi wanga sindinamuuze chifukwa chake.