Mpando Wanga M'takisi ya Ba Mwansa

Ndinali ndi zaka khumi, koma m'takisi za ku Libala, dera lathu mu Lusaka, ndinali ndi zisanu ndi chimodzi. Zaka zimenezi anandipatsa ndi bambo anga, ndipo sizinkasuntha ngakhale miyendo yanga inkatalika chaka ndi chaka.

Bambo anali telala. Anachoka kwawo ku Namitete, ku Malawi, ali mnyamata, ufulu usanabwere, n'kupeza malo pakhonde la sitolo ya Mmwenye wina m'tauni ya Lusaka. Kumeneko anakwatira mayi, kumeneko tinabadwira ine ndi mng'ono wanga, koma iwo sanavomere kuti anakhazikika. "Mlendo ndi mame," ankatero. Pansi pa bedi panali bokosi lachitsulo lomwe ankasungamo zopita nazo kumudzi: mabulangete, nsalu, ketulo yatsopano yomwe sitinkaloledwa ngakhale kuigwira. Mayi atafuna kudzala mango kuseri kwa nyumba, bambo anawaletsa. "Mukudzalira ndani, amake Enelesi? Ife tikupita."

Chilichonse cha ku Lusaka chinali ndi chilema. Ufa unalibe fungo, nsomba zinali zowawa, anthu ankalankhula Chinyanja chothyokathyoka. Chiganizo chilichonse chinkayamba ndi mawu akuti "kwathu", mpaka madalaivala a takisi anawapatsa dzina loti Ba Kwathu. Dzinali linafala moti ana ena a m'dera lathu sankadziwa kuti bambo ndi a Mbewe.

Takisi za masiku amenewo zinkayenda chonchi. Galimoto inkaima pa renki pafupi ndi msika, anthu n'kumalowa mmodzimmodzi mpaka kudzaza, aliyense n'kulipira mpando wake. Mtengo wa mpando unali umodzi, wodziwika ngati wa buledi. Wokambirana mtengo anali yekhayo wotenga galimoto yonse. Mwana wosayamba sukulu ankakhala pamiyendo ya kholo lake osalipira. Aliyense ankadziwa zimenezi kupatula bambo anga, omwe ankakhulupirira kuti dalaivala akangomva Chichewa chawo amakweza mtengo.

Njira yawo inali yokwiyitsa. Pokwera sankanena kanthu. Ankasankha mpando wa kuchitseko, ndipo tikafika m'tauni ankatulutsa mwendo umodzi panja, wina n'kuusiya mkati, kenako n'kupereka ndalama yoperewera. Anthu ofuna kutsika ankachita kuwapempha njira.

"Kwathu ndalama imeneyi umachoka pa Namitete mpaka ku Lilongwe, n'kutsalako ya tiyi," ankatero.

Amene ankalimbana nawo kwambiri anali Ba Mwansa, Mbemba wamtali wa ku Luapula, mwini galimoto yobiriwira yomwe chitseko chake chakumbuyo ankachitsegulira kunja. "Ba Kwathu, mutengo ni umodzi chabe," ankawauza. "Aba bonse balipila chimodzimodzi. Nanga imwe ndimwe bandani?" Bambo ankayankha ndi mbiri ya mitengo ya ku Nyasalande, Ba Mwansa n'kutopa, n'kuwasiya.

Ine ndinkalowa m'nkhaniyi Loweruka lililonse. Anali masiku a chipani chimodzi, pamene shuga, sopo ndi mafuta ophikira tinkachita kufolera pamzere, ndiye bambo ankanditenga kuti ndikaime pamzerepo iwo akusoka. M'takisi ankandikhazika pamiyendo pawo, mutu wanga ukugunda denga, mawondo akubaya msana wa wokhala kutsogolo. Dalaivala akayang'ana, bambo ankati, "Kamwana aka n'ka zaka sikisi, kangokhala ndi msinkhu." Tsiku lina mayi wina wokhala pambali pathu anandiyang'anitsitsa n'kufunsa mokweza, "Si iwe uli mu giledi folo na Mutale wanga?" Bambo anayang'ana pawindo ngati panja pakuchitika zodabwitsa. Ine ndinalakalaka nditasungunuka. Ndinkawakonda bambo anga, koma m'takisi ndinkadana nawo, ndipo sindibisa.

Chodabwitsa n'chakuti iwo omwewo sankapirira munthu wowanenerera mtengo. Panali mzungu wina wa ku Kabulonga, mkazi wa injiniya, yemwe ankabweretsa nsalu zoti amusokere madiresi. Bambo akatchula mtengo, iye ankaudula pakati, chifukwa anzake anamuuza kuti kuno mtengo woyamba sulipiridwa. Akachoka, bambo ankapalasa makina mwaukali. "Mlendo wamtundu wanji ameneyu? Wabwera dzulodzuloli, akuyesa tonse ndife akuba!" Ndinkangoyang'ana pansi, poti mwana sawongola akulu.

Lachisanu lina madzulo bambo anabwera kunyumba msanga, telegalamu ili m'manja. Agogo, mayi awo, anali atadwala kwambiri ku Namitete ndipo ankafunsa za mwana wawo. Bambo anali asanawaone chibadwire ine. Basi ya ku Chipata, komwe munthu ankapezera ina yolowera ku Malawi, inkanyamuka m'mawa pa siteshoni ya ku Kamwala, ndipo woiphonya ankadikira tsiku lotsatira. Kwa wodwala wotere, tsiku linali lalitali. Bokosi lija linatuluka pansi pa bedi. Mayi anawonjezamo shuga ndi sopo zomwe tinafolera, mpaka linalemera moti munthu mmodzi sakanalisenza.

Kutacha anandituma ku renki kuti ndikaitane takisi ibwere kunyumba. Ndinathamanga. Kunali kachisanu, utsi wa mbaula uli tolotolo m'misewu, ndipo pa renki panali magalimoto angapo, eni ake akupukuta magalasi.

"Nifuna takisi ibwele kunyumba, kuli katundu," ndinatero m'Chinyanja chathu cha ana a m'tauni.

"Kwa bandani?"

"Kwa ba Mbewe, ba telala."

"Ba Kwathu!" Onse anaseka. Wina anati mafuta amuthera. Wina anagogoda tayala lake ndi phazi n'kupukusa mutu. Wachitatu sanavutike n'kunama. "Kabauze bayitane takisi ya kwao."

Ndinazungulira galimoto ndi galimoto ngati wogulitsa mtedza. Palibe anandinyoza ineyo, koma palibenso anasuntha. Akanatani? Ngati munthu amakangana pa mtengo wa mpando umodzi, nanga pa galimoto yonse ndi bokosi pamwamba? Dzuwa linkakwera, ndipo ndinkadziwa kuti ku Kamwala basi ikudzaza.

Ndipamene galimoto yobiriwira inafika kuchokera m'tauni. Ba Mwansa anatsika, anzawo n'kuwauza nkhaniyo akuseka. Sabata yapitayo anali atalumbira pamaso pa anthu kuti bambo sadzakweranso galimoto yawo. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwaiche, lelo uli na zaka zingati?"

"Teni," ndinayankha.

Chiseko chinaphulika pa renki yonse. Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinalira mokwiya, mamina ali chuchuchu, n'kunena zonse nthawi imodzi: kuti agogo akufa ku Malawi, kuti sindinawaonepo, kuti basi ikuchoka, kuti bambo sanagone. Chiseko chinazima. Dalaivala wa mafuta otha uja anayang'ana pansi.

"Nanga sunakambe bwanji kudala kuti ni matenda?" anatero Ba Mwansa. "Kwela."

Tinapeza bambo ali pamsewu, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, akuyang'ana uku ndi uku. Ataona kuti yabwera ndi galimoto iti, nkhope inagwa. Anayamba kunena kuti, "Tiyambe takambirana kaye za..." koma Ba Mwansa anali atagwira kale chogwirira cha bokosi. "Ba Mbewe, gwilani uko." Aka kanali koyamba kumva dalaivala akuwatchula dzina lawo lenileni. Analinyamula awiriwo, n'kulilowetsa kumbuyo. Mayi anatsala pakhomo ndi mwana kumsana. Ine palibe anandiuza kuti nditsike, ndiye sindinatsike.

Tinadutsa Kabwata mwaliwiro, koma ku Kamwala tinapeza pamalo pa basi pali mafuta akuda odontha ndi makoko a nzimbe. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anatiuza kuti yachoka posachedwa. Bambo anaima chilili, manja ali lende. Sanatchule kwathu, sanadzudzule munthu. Anangoyang'ana msewu womwe basiyo inalowera, ndipo ndinawamvera chisoni chomwe sindinkadziwa kuti mwana angamvere kholo lake.

Ba Mwansa anakanda m'mutu. Anati masiku amenewo pa Chelstone, potulukira m'tauni, panali rodibuloko pomwe apolisi ankatsitsa anthu onse a m'basi n'kuona katundu wawo. "Ngati Mulungu afuna, tizaipeza pamene paja. Kwelani."

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Galimoto yakale ija inkanjenjemera yonse, bokosi likugunda kumbuyo, fungo la petulo likulowa m'mphuno. Tinadutsa pa yunivesite, tinadutsa Munali, tinasiya mphambano ya ku Kaunda Square. Chelstone ndi kutali, ndipo aliyense m'galimotomo ankadziwa kuti mtengo sunakambidwe. Bambo anakhala kutsogolo, chipewa chili pamawondo. Kamodzi kokha Ba Mwansa anafunsa kuti agogowo ali ndi vuto lanji, bambo n'kuyankha kuti chifuwa. Ba Mwansa anati nawonso amayi awo anamwalira ku Luapula iwo ali kuno, uthenga unafika maliro ataikidwa kale.

Basi tinaipeza, anthu akukweranso. Ba Mwansa analiza hutala, n'kutsika injini ikadali yoyaka, n'kuthamangira kwa kondakitala. Sindikudziwa zomwe anakambirana m'Chibemba, koma posakhalitsa anyamata awiri anakweza bokosi lija padenga. Dalaivala wa basi anayamba kuliza injini mosonyeza kuti sadikira munthu.

Bambo analowetsa dzanja m'thumba. "Zingati?"

Ndinadziwa kuti akangoyamba za Namitete ndi Lilongwe, basi ichoka kachiwiri.

"Kambani ndimwe," anatero Ba Mwansa. "Ndimwe mudziba mitengo."

Munthu amene moyo wake wonse ankadula mitengo ya ena anauzidwa kuti atchule yekha. Bambo anatulutsa ndalama zamapepala zomwe anakonzera ulendo, n'kuika zambiri mwa izo m'dzanja la Ba Mwansa osawerenga. Ba Mwansa anasankhapo zochepa, zotsalazo n'kuwabwezera m'thumba la jekete.

"Uyu ndiye mutengo wa Chelstone. Wa Mubemba ni uyu, wa Mutonga ni uyu, wa ku Malawi ni wamene uyu. Izi zinangu mukagulile ba mayo mankhwala."

Bambo anagwedeza mutu. Anali atayamba kale kupita ku basi pamene anatembenuka n'kundiona nditaima pafupi ndi galimoto, ngati kuti anali atandiiwala. Anabwerera, napisanso m'thumba, natulutsa ndalama zachitsulo.

"Iyi ndi ya mpando wa mwanayu pobwerera. Mukamusiye kwa amake. Ali ndi zaka khumi."

Ba Mwansa analandira ndi manja awiri. "Akula musanga, ka," anatero, nkhope ili phee.

Basi inanyamuka. Ine ndinabwerera m'tauni nditakhala kutsogolo, pampando wangawanga, miyendo nditaitambasula. Pa Chelstone panakwera anthu ena, ndipo mayi wina wonenepa atafuna kuti ndimupatse malo n'kukhala pamiyendo pake, Ba Mwansa anamuuza kuti, "Musiyeni uyo, alipila."

Bambo anawapeza agogo ali moyo. Anakhala nawo masiku ochepa, anawamwetsa phala, ndipo atamwalira anawaika m'manda ndi manja awo. Anabwerera patatha mwezi, bokosi lili lopanda kanthu. Anatifotokozera mokwiya kuti kuchokera pamsewu wa Namitete kupita kumudzi, mwini ngolo anayang'ana nsapato zawo n'kuwatchulira mtengo wowirikiza, akuwatchula kuti a ku Zambia. Mayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo atachoka mayi anali atadzala mango aja kuseri kwa nyumba. Bambo anawaona, ndipo chilimwe chitafika ndinawapeza akuwathirira ndi ketulo yakale.

Sindinganame kuti anasintha kotheratu. Mawu akuti kwathu sanawasiye mpaka imfa yawo, ndipo amayi ogulitsa tomato pamsika wa Libala anapitiriza kuona zakuda. Koma m'takisi ankalipira mwakachetechete, mipando iwiri, miyendo yonse iwiri n'kutsika nayo pamodzi.

Lero ndimakhala ku Lilongwe, komwe ndinakwatiwa, ndipo aneba amanditchula kuti mayi a ku Zambia. Ndimadzipeza ndikunena kuti ku Lusaka buledi ndi wokoma, ku Lusaka anthu sachita chonchi. Ndimawamvetsa bambo tsopano. Sanali aumbombo. Anali ndi mantha a mlendo, oti aliyense akumudyera masuku pamutu, ndipo manthawo anawachititsa kubera anthu omwe sankawabera. Zaka zonsezo madalaivala a ku Libala ankawatchulira mtengo wa munthu wa pamudzi, iwo okha ndi amene ankadziyesa mlendo. Ndikamakwera minibasi ndi mdzukulu wanga, kondakitala amandiuza kuti ndimunyamule pamiyendo ndisawononge ndalama. Ndimamuuza zaka zake zenizeni, n'kumulipirira mpando.