Chinangwa cha a Nyalongwe

Ku Chiputula anthu amamudziwa Esme Mhone ngati mphunzitsi wa Sitandade 4 woyenda mofulumira, ambulera ili m'khwapa ngakhale kutacha bwino, pakuti mvula ya ku Mzuzu sichenjeza munthu. Amakhala ndi mwamuna wake Stanford m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo mpaka chaka chatha anali asanagwirepo khasu tsiku lathunthu.

Sikuti ndi waulesi ayi. Mayi ake, a Nyalongwe, ndiwo ankamuletsa. Iwo anachoka ku Nkhata Bay amuna awo atamwalira, atatenga ana awo aakazi awiri ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa, n'kubwereka malo olima ku Mzilawaingwe. Selina, wamkulu, ndiye ankapita nawo kumunda. Esme akati atole khasu, mayi ankamulanda.

"Iwe khasu lako ndi bolopeni. Tiye, kawerenge."

Chinangwacho chinali chotsekemera, chosachedwa kupsa, ndipo masamba ake sankavuta kusinja pophika chigwada. Palibe ankadziwa dzina lake lenileni. Kumsika ankangoti cha a Nyalongwe.

Mayiwo anamwalira mu Ogasiti. Selina analira mokweza masiku atatu, mawu mpaka kusasa, kenaka anabwerera pa benchi yake ya tomato. Esme sanalire kwenikweni. Anabwerera kusukulu, n'kumachonga makope monga kale. Koma Loweruka lililonse ankapezeka atavala kale nsapato zopitira kwa mayi ake asanakumbukire kuti kulibe woti akamuone.

Kumunda kuja sikunapitenso munthu. Mbuzi zinalowa, anthu odutsa anazulako. Mu Disembala mwini malo anatumiza uthenga kuti akufuna kuyamba kumanga, choncho achotse zawo. Selina atapita anangopulumutsa mtolo umodzi wa mitengo yabwino. Kumene iye amakhala ku Salisbury Lines madzi amadikha mvula ikagwa, chinangwa chikanangowola. Malo okhawo anali kuseri kwa nyumba ya Esme.

"Uike pamthunzi," anatero Selina potula mtolowo Lolemba. "Ndibwera Loweruka tidzabzale. Umenewu ukauma, basi, mbewu ya amama yathera pomwepo."

Mawu amenewo anamukhala Esme pamtima. Pofika Lachinayi anaona kuti nsonga za mitengo zayamba kuchita makwinya, ndipo sanathenso kudikira. Ataweruka kusukulu anabwereka khasu kwa oyandikana nawo, n'kuunga mizere inayi yokhotakhota. Anadula mitengo ija m'zidutswa zofanana, akuyeza ndi rula ya m'kalasi, n'kuzizika mopendeka monga ankaonera patali mayi ake akuchita. Zinakwana makumi anayi. Stanford pobwera kuntchito anamupeza ali matope mpaka m'mawondo, m'manja muli matuza, koma akumwetulira.

Loweruka Selina anafika m'mamawa, khasu lake lili paphewa.

"Mwawuka uli, aphunzitsi?"

"Tawuka makora, asisi. Khasulo mwavutika nalo chabe. Bwerani muone."

Selina anaima pamzere woyamba. Anawerama, nazula kamtengo kamodzi, kenaka kena. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo Esme anaganiza kuti akulira. Koma kunali kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi pamatope.

"Iwe Esme! Sukulu yonse ija! Wabzala mozondotsa!"

"Mozondotsa bwanji? Mtengo si mtengo basi?"

"Taona apa." Selina anamuonetsa timaso tating'ono ta pamfundo, pamene mphukira zimatulukira. "Timaso iti tizipenya kumwamba. Iwe tambiri watiloza kwa akufa. Ukufuna chimere chopita ku Amereka?"

Esme anayang'ana mizere yake, rula ija ili potero pawindo. Anafuna kuseka nawo, koma chimene chinatuluka ndi kulira, kulira kuja kumene kunakana kutuluka mu Ogasiti.

"Ndapha chinangwa cha amama. Sanandiphunzitse, asisi. Inu anakuphunzitsani zonse."

Selina anamukoka dzanja n'kumukhazika pambali pake, osasamala siketi yoyera imene Esme anavala.

"Ndipo ine ankandiphunzitsa akukamba za ndani? Tsiku lonse m'munda, Esme wakhoza mayeso, Esme wapita ku koleji. Makutu anga anatopa nawe chomene. Pukuta mamina, sichinafe. Masiku awiri okha."

Anakanda khungwa la kamtengo kaja ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira, monyowa.

Anagwira ntchitoyo mpaka dzuwa kufika pamutu. Ankazula kamtengo kalikonse, Esme n'kumapeza yekha kumene timaso tapenya, Selina n'kumavomera kapena kumumenya pang'ono padzanja. Anawongolanso mizere. Pogwira ntchito Selina anayamba kung'ung'udza nyimbo ya Chitonga imene mayi awo ankaimba popalira. Esme ankangodziwa kolasi yokha, moti ndime zina anaziphunzira tsiku lomwelo. Stanford anawabweretsera tiyi ndi mbatata, ndipo Selina anamufunsa ngati iyenso sanaone kuti mkazi wake akubzala miyendo m'mwamba.

"Alamu, ine kwathu ndi ku Mzimba, timalima chimanga," anayankha choncho, n'kuthawira m'nyumba.

Panapita masabata awiri kuseri kuja kuli zii. Esme ankayamba wazungulirako asanapite kusukulu. Sabata yachitatu anaona timasamba tofiirira pa kamtengo ka kumapeto, mawa lake pa tina tisanu. Pomwe Januwale amatha, mitengo makumi awiri ndi isanu ndi iwiri inali itaphuka. Yotsalayo inauma, ndipo Selina anati ngakhale kwa mayi awo sinkamera yonse.

Masiku ano Selina amatseka benchi yake msanga Loweruka n'kukwera njinga ya kabaza kupita ku Chiputula. Amapalira limodzi, amakangana za kutalika kwa mizere, kenaka amakhala pakhonde n'kumakamba za mayi awo, nthawi zina mpaka kuseka. Azimayi awiri a kumsika afunsa kale ngati angadzapatsidweko mbewu chaka chamawa.

"Ndawauza kuti akafunse aphunzitsi," anatero Selina. "Koma ndawachenjeza kuti kabzalidwe kokha asakafunse."

"Yewo, asisi," anayankha Esme, akumuthirira tiyi wina.