Mwala wa M'bafa Mwathu

Mayi a kunyumba anagwa m'khitchini mwezi wa Juni, akuphula ketulo pamoto. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anagonako masabata awiri. Potuluka, dzanja lamanja linali lakufa, mwendo wamanja ankachita kuukoka. Pakamwa panawongoka msanga. Mutu unali bwinobwino.

Nyumba yathu ili ku Area 15. Ndinalowamo ndikadali dalaivala wa boma, ndipo tili momwemo mpaka lero. Ndi nyumba zakale zija. M'bafa munali tabu, chibeseni chachitsulo chachitali chogonamo posamba. Ife sitinagonemo ndi tsiku limodzi lomwe. Tinkaimiriramo ndi ndowa ya madzi. Koma kuti ulowemo unkayenera kudumpha mkombero wofika m'mabondo, ndipo mayi a kunyumba sakanathanso.

Amene ankawasambitsa ndi akulu awo, alamu anga, omwe anabwera kuchokera kumudzi, cha ku Mitundu. Ankawasambitsira kuseri kwa nyumba pa mpando wapulasitiki, atatchinga ndi zitenje ziwiri pa chingwe choyanikira zovala. Mu Julaye ku Lilongwe kumazizira. Ndili m'nyumba ndinkamva mayi akubuula madzi akawakhudza.

Ndinanena kuti ndikhoza kumawasambitsa ine. Mayi a kunyumba anakana. Tinali titakhala m'banja zaka zoposa makumi atatu, ana anayi, koma posamba aliyense ankatseka chitseko. Anati sangayambe kuonedwa tsopano thupi litapotoka. Sindinalimbane nawo.

Kumapeto kwa Ogasiti alamu ananena maganizo awo. Anati minda ikuwadikira, sangakhale m'tauni mpaka mvula. Ana athu aakazi ali kutali, ali ndi mabanja awo. Munthu wamkazi amasambitsidwa ndi akazi anzake, ndipo akazi a mbumba yawo ali kumudzi. Choncho iwo atsogola kukakonza nyumba, ndipo pakatha masabata atatu abwera ndi achimwene awo, eni mbumba, kudzatenga wodwala pa galimoto. Masiku amenewo amayi a kumpingo azisinthana kumusambitsa.

Pa mwambo wathu sanalakwitse. Mkazi akadwala, abale ake ali ndi mawu. Ine ndine mkamwini.

Tsiku lomwe alamu ananyamuka, mayi a kunyumba anandiitanira kuchipinda.

"Bambo, kumudzi ndikapita, sindidzabwerako."

Ananena zokhazo. Ndinamva. Kuno ankapita kuchipatala kawiri pa sabata kukawongola mwendo, ndipo unali utayamba kumvera. Kumudzi akanangokhala pamkeka.

M'mawa mwake ndinatenga nyundo ndi tchizulo.

Ine si mmisiri. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Koma zaka zonse zoyendetsa mabwana ndinkaima ku City Centre, ku Area 10, ku Area 43, kudikira munthu atuluke mu msonkhano. Nthawi zambiri pafupi pankakhala pakumangidwa nyumba. Dalaivala wodikira amaonerera zambiri. Ndinkadziwa momwe amasakanizira simenti ndi momwe amayalira matailosi, ngakhale manja anga anali asanagwirepo.

Tabu inali yomangidwa ndi njerwa m'mbali. Ndinagumula masiku awiri. Zogumukazo ndinazituta pa wilibala n'kukathira pa dzenje la mumsewu, kunja kwa geti. Tabu yeniyeniyo sindikanainyamula ndekha. Anandithandiza aneba, bambo a ku Rumphi omwe anapuma ntchito ya mu ofesi ku Capital Hill. Tinaikoka pa masaka mpaka panja. Iwo ankalankhula njira yonse. Anati ndiitane pulambala, anati madzi si galimoto, anati ndidzasefukiritsa Area 15 yonse. Titafika panja anapempha tabuyo kuti azisungiramo madzi othirira mpiru. Ndinawapatsa.

Pansi ndi pomwe panandivuta. Msewu ndimaudziwa. Msewu wabwino umapendekeka pang'ono kuti madzi athawire m'ngalande. Ndinachita chimodzimodzi, kupendeketsa simenti kulozera pa chibowo chomwe tabu inkatulutsira madzi. Levulo ndinalibe, ndinkayeza ndi thabwa ndi maso. Itauma ndinathira kapu ya madzi. Ena anapita pa chibowo, ena anakaima pakona ya kuchitseko. Ndinagumula mbali imeneyo n'kuyambanso. Kachiwiri madzi onse anapita.

Matailosi ndinakagula ku Old Town. Wogulitsa anandionetsa onyezimira, oyera ngati mbale, anati ndi omwe anthu akugula masiku ano. Ndinapempha madzi. Ndinathira pa tailosi lililonse, ndinavula nsapato, ndinapondapo pomwepo m'sitolo. Anthu anaseka. Ndinasankha ofiirira, okhakhala, omwe wogulitsayo anati ndi a pakhonde. A kukhoma ndinatenga oyera wamba.

Ndinawaviika m'madzi tsiku lathunthu monga ndinkaonera kwa amisiri. Mipata ndinkayeza ndi timitengo ta machesi, tiwiritiwiri. Ofunika kudula ndinkawalemba ndi pensulo n'kupita nawo m'tauni kwa munthu wa makina odulira a gulayinda. Ndinapitako katatu. Makoma a nyumba zimenezi si owongoka, ndipo ulendo woyamba ndinayeza ngati ndi owongoka. Mzere wa pamwamba unapotoka pang'ono cha kuzenera. Ndinausiya.

Pakona ndinamanga mpando wa njerwa n'kuuveka matailosi. Ku Msika wa Tsoka ndinapeza payipi yachitsulo yakale. Wowotcherera anaipinda, ndipo ndinaikhomera kukhoma kuti ikhale pogwira. Shawa ya pamwamba ndinaisiya momwe inalili. Kwathu madzi amakwera pamwamba akafuna okha. Chofunika chinali mpope wa m'munsi ndi malo oikapo ndowa.

Zonse ndinkayesa ndekha. Ndinkamanga dzanja langa lamanja ndi lamba, n'kulowa m'bafa ndikukoka mwendo. Apo ndi pomwe ndinadziwira kuti mpope uyenera kukhala kumanzere kwa mpando, ndipo ndinawonjezera payipi. Sopo ankandipulumuka. Ndinamuika m'kathumba ka anyezi n'kumangirira kuchitsulo chija. Kapu ndinasankha yachogwirira chachikulu. Tsiku lina mayi wina wa kumpingo anandipeza ndikutuluka m'bafa dzanja lili m'lamba. Anayang'ana lambayo n'kupitirira.

Ntchito inatha kutatsala sabata imodzi. Ndinathira madzi ofunda mu ndowa n'kutuluka. Mayi a kunyumba analowa ndi ndodo yawo. Ndinawauza atseke koma asakiye. Ndinakhala pampando mu kolido. Ndinamva kapu ikugunda ndowa, madzi akukhuthuka. Panapita nthawi yaitali. Anatuluka atadzikulunga chitenje, nsonga imodzi atailuma ndi mano. Anati madzi ndinawatenthetsa kwambiri. Zinali zitatheka. Masiku otsatira anasamba okha, ndipo amayi a kumpingo anasiya kubwera m'mawa.

Alamu anafika Lachisanu masana. Achimwene awo anali oti abwera Loweruka. Alamuwo ndinawatengera kubafa asanakhale pansi. Anayang'ana makoma, anagwedeza chitsulo, anakhala pampando wa njerwa.

"Alamu, mwamanga hotela. Ife akumudzi tiziloledwa kulowa?"

Ndinawauza kuti mng'ono wawo akusamba yekha. Anati aona.

Dzuwa litapendeka awiriwo anakhala pakhonde. Mayi a kunyumba anavula masilipasi. Alamu anawerama, anagwira phazi lamanzere n'kulitembenuza. Kenako lamanja. Anandiitana.

"Bwerani mudzaone kusamba kwa ku hotela kwanu."

Zidendene zinali zakuda, zokhakhala, ming'alu itayamba. Umodzi unali wofiira mkati. Alamu anati kumudzi mkazi akaoneka ndi mapazi otere, aliyense amadziwa kuti palibe akumusamala. Anafunsa kuti mwala uli kuti.

Mwalawo ndinkaudziwa. Unkakhala pansi, pakati pa tabu ndi khoma. Mayi a kunyumba ankakhala pa mkombero wa tabu n'kumakwecha zidendene pamenepo. Phokoso lake ndinkalimva tsiku ndi tsiku kwa zaka zonsezo, koma sindinaliganizirepo. Mapazi anga akhala mu nsapato moyo wonse. Pogumula njerwa ndinautola pamodzi ndi zogumuka n'kukautaya mumsewu. Poyesa bafa ndi lamba uja ndinayesa mpope, sopo, kapu, thaulo. Mapazi sindinayese. Amayi a kumpingo nawo ankangothira madzi ndi sopo, zidendene za munthu wachilendo sakanazigwira.

Ndinafunsa mayi a kunyumba chifukwa chomwe sananenere. Anati ankaona momwe ndinkavutikira, sanafune kuti ndiyambenso kufunafuna mwala.

Alamu anati mawa akunyamuka naye wodwala basi.

Ndinatenga piki n'kupita pa dzenje lija. Magalimoto anali atapondaponda, zonse zitagwirana. Ndinakumba. Aneba anaima pa geti lawo n'kufunsa ngati tsopano ndapeza ntchito ya misewu. Mwalawo ndinaupeza pansi penipeni. Unali wakuda, wokula ngati buledi, mbali imodzi yolowa mkati pomwe zidendene zinadya. Alamu atauona anati unachokera kumtsinje wa kwawo, anautola ndi iwo chaka chomwe mng'ono wawo ankabwera m'tauni.

Ndinautsuka n'kuuika patsogolo pa mpando. Mayi a kunyumba anayesa. Atangoukankha ndi phazi unatsetsereka mpaka kukhoma. Kale unkapanika pakati pa tabu ndi khoma. Tsopano panalibe chougwira, ndipo mayi sakanatha kuwerama kuti aubweze.  Alamu anapita kukalongedza zikwama.

Loweruka m'mawa ndinaswa matailosi awiri a patsogolo pa mpando. Anali aja anakhala bwino kuposa onse. Ndinakumba pansi, ndinathira simenti yambiri mchenga pang'ono, ndinakhazika mwala. Simenti isanagwire ndinaitana mayi a kunyumba kuti akhale pampando ndi zovala zawo, ndione pomwe phazi likufika. Lamanzere linkafika. Lamanja linkaperewera. Ndinausendeza mwalawo kumanja zala zinayi, ndinauzinga, ndinasalaza m'mbali kuti pasakhale chopunthwitsa.

Achimwene awo anafika cha m'ma teni pa galimoto yobwereka. Anandipeza manja ali simenti yokhayokha, bafa losasambika. Tinakhala pabalaza. Iwo analankhula mwaulemu monga eni mbumba. Anathokoza, anati sikuti ndalephera, koma matenda otere amafuna manja a akazi. Analankhula nthawi yaitali. Atamaliza ndinati simenti imafuna masiku atatu. Mayi a kunyumba ankayang'ana pansi. Zikwama zawo zinali pakhomo.

Amene anayankha ndi alamu. M'mawa umenewo anali atalowa m'bafa kawiri kukaona mwalawo. Anauza achimwene awo kuti abwerere, iwo atsala mpaka Lachitatu. Zikakanika abwera naye wodwala pa minibasi. Achimwene anadandaula kuti ayenda ulendo wachabe. Alamu anati nawonso minda yawo ikuwadikira koma sakulira. Achimwene anamwa tiyi n'kupita.

Masiku atatu amenewo ndinkawaza madzi pa simenti m'mawa ndi madzulo. Alamu anabwerera kusambitsa mng'ono wawo kuseri, pa mpando wapulasitiki. Zikwama sanamasule.

Lachiwiri ndinaponda mwalawo ndi thupi langa lonse. Sunagwedezeke. Ndinathira madzi mu ndowa. Mayi a kunyumba analowa n'kutseka chitseko. Mu kolido tinakhala awiri, ine ndi alamu. Madzi anakhuthuka. Kenako kunamveka kukwecha kwamphamvu. Limenelo linali phazi lamanzere. Kukwechako kunasiya. Alamu anadzuka kuti atsegule, ndinawagwira mkono. Kukwecha kunayambanso, pang'onopang'ono, kumaima, kumayambanso. Pambuyo pake mayi anatiuza kuti mwendo wodwalawo ankaunyamula ndi dzanja lamanzere pansi pa bondo n'kumaukoka pamwala.

Atatuluka, alamu anawakhazika pabedi n'kuyang'ana mapazi nthawi yaitali. Lamanzere linali loyera. Lamanja linayera mbali imodzi. Anawapaka mafuta onse awiri, anagwiragwira ming'alu ija. Kenako anati lamanjalo azibwera kudzamaliza iwo kamodzi pamwezi. Madzulo ake anamasula zikwama, zovala anabwezera okha mu wodirobu.

Lachitatu ndinawaperekeza kudepoti. Tinawoloka mlatho anthu ali piringupiringu, ine nditanyamula thumba lawo. Atakhala mu minibasi anatsegula zenera.

"Alamu, muziyang'ana mapazi akamavula masilipasi. Akayamba kuda muziimba foni. Musadikire kuti akuuzeni, ameneyo sanena."

Ndinavomera. Minibasi inachedwa kudzaza. Ndinaima pomwepo mpaka inanyamuka.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi ali pakhonde, akusankha nyemba ndi dzanja limodzi. Anafunsa ngati akulu awo apeza mpando wabwino. Ndinati apeza. Anati mawa ndi tsiku la kuchipatala, tidzuke msanga.