Tepi Yomwe Sindinabweze

Anali matepi atatu akuda, okulungidwa m'thaulo loyera lomwe linali litayamba kale kusanduka lachikasu. Malume anabwera nawo kuchokera ku Migodi, kuchigawo chokumba kopa, m'mwezi wa Meyi, pamodzi ndi sutikesi, nsapato zoyera ndi magalasi akuda. Katundu wa zaka makumi awiri anali yemweyo. Thaulo lija linkanunkhira sopo yemwe kwathu sitinkagula, ndipo mpaka lero ndikamva fungo limenelo m'sitolo, ndimakumbukira Malume.

Ku Migodi Malume ankagwira ntchito pa kalabu ina ya tenisi. Anayamba ndi kusesa bwalo ndi kupenta mizere, mpaka anafika pokhala pampando n'kumaweruza ngati mpira wagwera mkati kapena kunja. Ntchito yonseyo inali ya maso. Ife anangotiuza kuti kalabu yatsekedwa. Chomwe sananene n'chakuti shuga anali atawadya maso, moti pofika ku Chipata ankangoona kuwala ndi mithunzi. Ine, mtsikana wa Giredi 5, sindinkadziwa kanthu. Amayi ndikukhulupirira kuti ankaganizira, koma anali otopa kale ndi zawo, ndipo sankafuna kufukula nkhani yowawonjezera mtolo.

Tinkakhala ku Kapata, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Bambo anali atamwalira, n'kutisiyira wailesi ya kanema ndi deki yoonetsera matepi. Amayi ankataipa makalata ku Boma, ndipo pobwera madzulo ankayamba avula nsapato, kukhala pamphasa pang'ono, kenako n'kudzukira kukhitchini. Malume ankagona pabalaza. Mwachikhalidwe chathu iwo ndiwo anayenera kutisamalira ife, ana a mlongo wawo, koma apa zinali zitatembenuka, ndipo pakamwa pa aneba sipankatseka. Tsiku lina Amayi anayankhula akupukuta mbale, osawayang'ana: "Temu yachitatu ikatsegulira popanda chooneka, mupite ku Kasenengwa mukathandizeko kumunda. Ine ndekha sindingathe." Malume anangoti, "Ndamva, a sisi." Ankadziwa kuti kumudziko sakagwira khasu. Ankayembekezera kukakhazikidwa pakhonde, n'kumatsogozedwa kuchimbudzi ndi mwana.

Chiyembekezo chinalipo chimodzi. Kutchalitchi kwathu kunali Aphunzitsi ena a zamasewera a pa sekondale ina kunja kwa tauni. Pasukulupo panali bwalo lakale la tenisi, long'aluka, udzu utamera m'ming'alu. Aphunzitsi ankafuna kulidzutsa, ndipo ankasowa munthu wodziwa masewerawo woti aziphunzitsa ana ndi kuweruza. Panalinso kanyumba kopanda munthu kuseri kwa makalasi. Analonjeza kuti adzabwera kunyumba kudzaona matepi otchukawo ndi kumva mmene Malume amawerengera masewera. Nyengo yonse yachisanu ija tinkadikira ulendo umenewo.

Podikirapo tinkaonera. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza atakhala kale pampando wawo, atavala juzi, magalasi akuda ali kumaso. Ankati kuwala kwa kanema kumaononga maso a munthu wa ntchito. Kuika tepi inali ntchito yanga, eti poti manja a ana ndi ofewa, saononga makina. Malamulo anali awiri: tepi izibwezedwa mpaka poyambirira nthawi zonse, ndipo mpira ukakhala m'mwamba munthu asatsegule pakamwa. "Chete, mwaiche," ankatero, kunditcha mwana m'Chibemba chawo chotola ku Migodi.

Tepi yoyamba ndi yomwe tinkaikonda. Anali masewera akale a ku Mangalande, a pa udzu wometedwa bwino, azungu awiri atavala timakabudula toyera. Wina sankaseka, sankakwiya, nkhope ili gwa, ndipo tinkamutcha Wofatsa. Mnzakeyo tinkamutcha Wamkamwa, chifukwa pakangolakwika pang'ono ankaponya raketi pansi n'kuyamba kulalatira aliyense. Panja mphepo inkatsika m'mapiri itanyamula fumbi ndi phulusa la tchire lotenthedwa, milomo yathu ili yong'aluka, miyendo ili mbuu, koma m'kabokosi muja udzu unali biriwiri. Tinkatafuna nshawa zokazinga. Mpira unkamveka po, po, po, nsapato n'kumalira, khamu la anthu n'kupuma limodzi. Ndiye mwadzidzidzi Malume ankatambasula dzanja n'kufuula, "Auti!" Mzungu woyang'anira mzere ankabwera pambuyo pawo ndi mawu omwewo, oti mpira watuluka. Sanaphonyepo n'kamodzi komwe. Kusukulu ndinkanyada kuti malume anga ali ndi maso akuthwa kuposa munthu aliyense mu Zambia, ndipo ndinamenyanapo ndi mtsikana wina yemwe anatsutsa.

Masiku ano masewera akalewo amapezeka pa foni. Ndikabwera kuntchito nditatheratu, nthawi zina ndimawasaka, ndipo omwe anali pa tepi yoyamba ndinawapeza. Ndi otalika maola atatu ndi kupitirira. Ndinayesapo kutsinzina kuti ndiwatsatire ndi makutu okha, koma sipanathe mphindi zisanu ndisanasokonezeke. Malume anali atawaloweza onse, kumenya kulikonse, chifuwa cha munthu wina m'khamu, mawu a wolengeza. Makutu ndiwo ankawauza pomwe masewera afika, mutu n'kumalizitsa. Ndimaganiza za mphamvu yomwe inapita pamenepo, n'kumva kutopa m'malo mwawo.

Zizindikiro zinalipo, kungoti mwana amaona zomwe akufuna. Tiyi ankasefukira m'kapu mpaka m'sosala. Popita kukhitchini dzanja linkayenda ndi khoma. Mlendo akalowa, Malume sankayamba kupereka moni, ankadikira kuti munthuyo ayambe walankhula. Ine ndinkati ndi matama a anthu a ku Migodi. Amayi ankangopukuta tiyi wotayikayo n'kubwerera ku zomwe ankachita.

M'mwezi wa Ogasiti, mdala wa nyumba yoyandikana nafe anamwalira. Aliyense wokulira m'komboni amadziwa kuti pafupi pakagwa maliro, wailesi imazimitsidwa. Ngakhale kuseka umasekera m'manja. Kwa masiku atatu tinkangomva nyimbo za amayi a chigwirizano, ndi utsi wa zikuni ukulowa pawindo. Matepi anabwerera m'thaulo.

Tsiku loika maliro, akuluakulu onse ananyamuka kupita kumanda, Malume atagwira phewa la bambo wina ngati munthu wosweka mtima. Ine ndinatsala ndekha. Pa tepi yoyamba panali malo omwe ndinkawakonda kuposa masewera enieniwo, pomwe mvula imayamba kugwa, osewera n'kuthawa, amuna ambiri n'kuthamanga akukoka chilona chachikulu mpaka udzu wonse utaphimbidwa. Malume ankadana napo, ankati ndi kutaya tepi. Kwathu mvula inali italeka mu Epulo, ndipo ndinkaisowa. Ndinatseka makatani, kuchotsa mawu onse, kuthamangitsa tepi mpaka pomwe mitambo imayamba kuda. Ndisanaione n'komwe mvulayo ndinamva anthu akubwera mumsewu. Ndinatulutsa tepi mwamsanga, kuikulunga m'thaulo, n'kukhala pakhomo ngati mwana wabwino. Zobweza sindinaziganizire n'komwe.

Madzulo ake, dzuwa likadalipo, Aphunzitsi analowa m'nyumba pamodzi ndi Amayi ndi Malume. Nawonso anali kumanda, nsapato zawo zili ndi dothi lofiira. Atasamba m'manja ndi kumwa madzi, anati poti afika kale, aoneko pang'ono. Amayi anasuzumira pawindo. Kunyumba ya maliro anthu anali akadali tho.

"Onerani, koma mawu ayi," anatero Amayi. "Anthu angatiyese otani?"

Malume anapukuta manja m'mawondo. "Bwanji tsiku lina, Aphunzitsi?"

"Lolemba ndikumana ndi a hedi, bambo. Ndikufuna ndipite ndi zogwirika."

Kenako Malume anakhala mowongoka n'kuti, "Ika yoyamba, mwaiche."

Ndinaika. Deki inameza tepi n'kulira kamodzi, ndipo kulira kumeneko ndi komwe Malume anayambira kuwerenga mumtima. Anadikira pang'ono, monga momwe chiyambi cha tepi chinkachedwera, kenako anayamba kufotokoza ndi mawu apansi, aulemu, oyenera tsiku la maliro. Taonani mmene Wofatsa waimira, anatero, phazi lakumanzere kutsogolo. Taonani mpira wauponya pamwamba bwino, osati kutsogolo kwambiri, ichi ndi choyamba chomwe ndidzawaphunzitse ana anu. Ankalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo. Sindinawamvepo akulankhula mokoma chotero.

Pa kanema panalibe Wofatsa. Panali maambulera, ndi amuna akuthamanga ndi chilona.

Ndinatsegula pakamwa, n'kukumbukira lamulo loti mpira ukakhala m'mwamba sitilankhula. Komanso ndinkaganiza kuti mwina ndi nthabwala ya akuluakulu, yoti ikatha tonse tiseka. Ndinayang'ana Aphunzitsi. Iwo sankayang'ananso kanema, ankayang'ana magalasi a Malume. Amayi anaima pakhomo la kukhitchini atagwira thireyi ya makapu, osapita kutsogolo, osabwerera.

Malume anapitiriza. Wamkamwa wabweza, wathamangira ku neti, Wofatsa wamudutsitsa kumbali. Mutu wawo unkatembenuka uku ndi uku kutsata mpira. Pa kanema chilona chinali chitaphimba bwalo lonse, madzi akuyenderera pamwamba pake, mipando ili yopanda anthu. Ndipo Malume anatambasula dzanja, n'kunong'ona mwamphamvu, "Auti!"

"Malume, koma..." ndinayamba.

Aphunzitsi anandigwira pamkono, osafinya. "Watulukadi, bambo," anatero. "Watuluka."

Anakhalanso mphindi zingapo, n'kupempha kuti tizimitse polemekeza oferedwa. Anathokoza kwambiri, mwina mopitirira, ndipo tiyi sanamwe. Amayi anawaperekeza mpaka pamsewu. Ndinatsala ndi Malume, ndipo mpaka pano ndimamva mmene anandifunsira, mofatsa ngati akufunsa nthawi.

"Tepi ija unaibweza?"

Ndinati ayi.

"Inali pati?"

"Pa mvula."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye Aphunzitsi anati watuluka."

"Eee."

"Ndi munthu wabwino," anatero, n'kupempha kuti ndiwapatse thaulo lawo.

Ndinayembekezera mkwapulo. Sunabwere, kuchokera kwa iwo kapena kwa Amayi. M'nyumba mwathu palibe yemwe anatchula mawu oti khungu, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo kwa ine palibe anakhala pansi kundifotokozera. Ndinangomva kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa mlendo chifukwa chophwanya lamulo la tepi. Masana anakhala aatali. Ndikabwera kusukulu ndinkawapeza atakhala panja, atafulatira mphepo, ndipo ine ndinkazemba n'kulowera kuseri.

Sabata yotsatira Aphunzitsi anatumiza kalata. Amayi anaiwerenga mokweza. Ntchito inalipo, ndi kanyumba komwe. Malume akanakhala pampando m'mbali mwa bwalo n'kumalangiza ana kagwiridwe ka raketi, ndipo za mizere, inatero kalatayo, aziona ndi mwana wasukulu wamkulu kuti iwo asamavutike. Amayi anamaliza kuwerenga ndi chimwemwe. Malume anakana. Amayi anachonderera, kenako anakalipa, kenako analira, zonse madzulo amodzi. Iwo anangoti, "A sisi, ndipezereni galimoto ya ku Kasenengwa."

Ndakhala zaka zambiri ndikuwaweruza pa chimenechi, ndipo ndatopa nako. Masiku ena ndimati kunali kunyada kopusa, kokana denga ndi chakudya chifukwa munthu wakuchitira chifundo. Masiku ena ndimakumbukira kuti ntchito yokha yomwe ankaidziwa inali kunena zoona za pomwe mpira wagwera, ndipo sakanatha kukhala pabwalo pomwe aliyense, mpaka ana, akanamawavomereza mwaulemu. Sindikudziwa. Anakhala kumudzi zaka zinayi n'kumwalira, ine ndili kutali kusukulu yogonera, ndipo sitinaonanenso.

Ananyamuka Loweruka m'mawa pa kalole konyamula matumba a feteleza. Amayi anawakweza kumbuyo, kuwakhazika pa sutikesi, n'kupita kukalankhula ndi dalaivala. Ine ndinaima patali pang'ono, pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi. Chichitikireni zija ndinali ndisanalankhule nawo, ndipo manyazi sanandilole kuwayandikira. Galimoto italira, nkhope yawo inali italunjika ndendende pomwe ndinaima. Ndinakweza dzanja n'kubayibitsa. Ndinabayibitsa ndi manja onse awiri, mpaka kudumpha, koma osatulutsa mawu. Iwo anangokhala, manja ali pamawondo, akundiyang'ana, mpaka galimoto inakhota.

Ndinabwerera kunyumba ndikulira ndi mkwiyo, ndikudziuza kuti munthu wamkulu sangasungire mwana chakukhosi chotere chifukwa cha tepi. Ndinakhulupirira zimenezo kwa zaka zingapo. Sizinandifike m'mutu kuti nawonso ankadikira, makutu ali tcheru pakati pa phokoso la injini, kuti amve ngati ndabwera.