Masentimita Asanu Pansi pa Mlatho

Anthu a pamlatho wakale ankangowatchula kuti a Jombo, chifukwa palibe anawaonapo atavala nsapato zina. Ngakhale ku ukwati wa mng'ono wawo anapita ndi jombo zomwezo, atangozipukuta ndi kansalu. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ntchito yawo inali kuyeza mtsinje. M'mawa uliwonse ankatsika masitepe a simenti, n'kuwerenga pamene madzi afika pa thabwa la manambala lokhomedwa pamzati wa mlatho, n'kulemba m'buku lachikuto chakuda la ofesi ya zamadzi. Onyoza ankati mtsinjewo ukadzaphwa, a Jombo adzayamba kuyeza mchenga.

Chaka chilichonse aphunzitsi a sayansi ankabwera ndi ana a sekondale kudzaphunzira pamtsinje, ndipo tsiku lotero a Jombo ankayenda ngati mwini madziwo. Ankawalowetsa anawo mpaka m'mawondo, n'kuwagawira tiukonde ndi mabeseni oyera. Ankawaonetsa kutembenuza mwala n'kuona tizilombo tokakamira kunsi kwake: tamichira itatu timangokhala m'madzi abwino, pamene timphutsi tofiira timanenepa ndi litsiro. Mwala uliwonse unkayenera kubwezedwa mmene unagonera, apo ayi umva mawu. Ena mwa anawo anadzakhala akatswiri a zamadzi, ena oyang'anira nkhalango, ndipo a Jombo ankawatchula mmodzimmodzi ngati anawabereka okha.

Nkhani ya mwana amene anamuberekadi ndi imene sankaikonda.

Anali wachisamba, wamkazi, ndipo mtsinje anaudziwa asanadziwe kulemba dzina lake. Tizilombo tonse tija ankatisiyanitsa popanda galasi. Ankauza aliyense kuti akadzakula adzakhala woyeza madzi woposa bambo ake, ndipo iwo ankaseka mokondwa.

Ali Fomu 3, kalasi yake inabwera pamlatho. Kunali kutagwa mvula, madzi ali bii, masitepe akuterera. A Jombo, amene bondo linali litayamba kuwavuta, anaima pamwamba n'kulengeza kuti madzi ali pa mita imodzi ndi masentimita 47. Mtsikanayo anatsika, n'kunjuta mpaka maso ake atalingana ndi madzi, monga mmene iwo omwe anamuphunzitsira. Analankhula ndi mtima umodzi wokha, wofuna kuthandiza.

"Bambo, ndi 42. Mwawerengera pamwamba."

Anzake anaseka. Sikunali kuseka kwachipongwe, ana amaseka ngakhale chipewa chikangogwa. Koma mphunzitsi anatsokomola n'kuyang'ana kumbali, ndipo a Jombo manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Manyazi a munthu wotamandidwa sachedwa kusanduka mkwiyo.

"Mtsinje uno ndinayamba kuuyeza iwe usanabadwe," anatero pamaso pa onse. "Tuluka m'madzimo, ukakhale pakapinga ndi oopa kunyowa."

Analemba 47 m'buku, akukanikiza cholembera mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka. Mtsikanayo anatuluka, n'kuvula jombo zake, n'kuziimika bwinobwino pasitepe yomaliza. Sanazivalenso.

Kunyumba sikunabuke mkangano, ndipo ukanabuka mwina bwenzi zitatha. Mtsikanayo ankawapatsa moni, ankawasitira malaya, koma m'mawa akamatsikira kumlatho iye ankapezeka kuti ali ndi zochita. Mayi ake anawauza a Jombo kangapo kuti akapepese mwana. Iwo ankayankha kuti mawa. Ankadziwa bwino kuti mwanayo ananena zoona, chifukwa madzulo a tsiku lomwelo anatsika okha n'kuona mzere wa thovu pa thabwa. Koma bambo angayambe bwanji? Mawa uja anatha zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Mtsikanayo anasiya sayansi ya zachilengedwe, n'kukapeza ntchito m'sitolo ya mankhwala kumzinda, kuseri kwa kauntala kumene ngakhale mvula saimva.

Mwezi wawo womaliza pantchito, ofesi inawauza kuti idzaika makina pamlatho, poti panalibe wowalowa m'malo. Kalasi yomaliza itabwera, a Jombo anaiphunzitsa monga mwa masiku onse kuti thabwa limawerengedwa munthu atanjuta. Mtsikana wina wolongolola anawafunsa ngati pa zaka zonsezo analakwitsapo. Anayankha kuti kamodzi, ndipo anawo anadikira nkhani yoseketsa, koma sinabwere.

Basi ya sukulu itachoka, analowa m'kanyumba kawo ka malata, momwe munali tebulo, mpando ndi kabati ya mabuku akuda. Anafufuza mpaka anapeza tsamba lija. Nambala inali pomwepo, yozama kuposa zinzake. Anamuimbira foni mwana wawo masana omwewo, asanadziuzenso kuti mawa.

Anayamba ndi kuzungulira. Anafunsa za adzukulu, ananena za bondo, za makina, za makiyi amene akapereke kumapeto kwa mwezi. Chimene ankafuna chinali chimodzi: mwana wawo abwere, atsike nawo masitepe aja ngakhale kamodzi kokha, awawerengere madzi a tsiku lomaliza. Iye anayankha mwaulemu kuti kuntchito sangamulole, ndiponso wamng'ono akudwala chimfine. Pamenepo a Jombo analimba mtima.

"Mwanangu, tsiku lija unabwera ndi kalasi yako, pali nambala imene ndinalemba molakwa. Ndikufuna ndiikonze. Kaya ukukumbukira kuti unati zinga..."

"42, bambo," anayankha asanamalize. "Linali Lachinayi."

A Jombo anayang'ana pamwamba pa tsambalo. Linalidi Lachinayi. Zaka zonsezi ankadzitonthoza kuti ana amaiwala. Asanatulutse mawu opepesa amene anawakonza, kumbali inayo kunamveka munthu akufunsa mankhwala a mutu, ndipo mwana wawo anati ayenera kudula.

A Jombo anaika foni patebulo. Kenako anatenga rula, n'kudula 47 ndi mzere umodzi wowongoka monga malamulo a ofesi amanenera, n'kulemba 42 pambali pake. Pamalo olemba dzina la wowerenga anadula lawo, n'kulembapo la mwana wawo. Ndi tsamba lokhalo m'kabati monsemo limene lili ndi dzina lake.