Mikono ya Mayi Chipeso

Mumsewu wonse munalibe wosawadziwa Mayi Chipeso. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa chipeso chawo chachikasu sichinkachoka m'mutu. Anayamba kuluka tsitsi ali mtsikana, pakhonde pa azakhali awo, ndipo pofika zaka makumi anayi anali ndi saluni yawoyawo: mipando itatu, galasi long'aluka pakona, ndi draya yolira ngati thirakitala. Pakamwa pawo sipankauma. Munthu ankalowa kudzalukitsa mizere isanu, n'kutuluka akudziwa amene wakwatiwa, amene wathawidwa, ndi amene akunamizira kuti mwamuna wake ali kunja.

Vuto linayambira m'mapewa. Akakweza manja kuti agwire mutu wa kasitomala, zinkakhala ngati anyamula zidebe ziwiri zodzaza. Zikope zinafiirira, mfundo za zala n'kutuluka timabala.

Tsiku lina anakhala pakampando kotsika kuti amwe tiyi, koma pofuna kudzuka, ntchafu zinakana. Makasitomala atatu, wina mutu wolukidwa theka, anawakoka ngati akuzula chitsa.

"Ndamera mizu, anzanga!" anakuwa motero, onse n'kugwa ndi phwete. Koma atatsala okha anayang'anitsitsa miyendo yawo, osasekanso.

Amuna awo, kalipentala wosalankhulalankhula, anawatengera kuchipatala. Kumeneko anawatenga magazi ndi kachidutswa ka mnofu wapantchafu. Zotsatira zitabwera, dokotala anawakhazika pansi.

"Mayi, m'thupi muli maselo otiteteza ku matenda, ngati asilikali. Kachilombo kakalowa, thupi limatulutsa chinthu chotchedwa intaferoni, chomwe chili ngati kukuwa kuti, 'Wakuba uyo!' Kwa inu kukuwako sikukuleka, pomwe wakuba palibe. Ndiye asilikali aja akumenya minofu yanu yomwe, n'chifukwa chake yatupa n'kufooka."

"Iii! Mukutanthauza kuti thupi langali ndi lolongolola?"

"Latengera mwiniwake, adokotala," anatero akalipentala, maso ali pansi.

Mayi Chipeso anaseka mpaka kutsokomola. Anafuna kuwamenya ndi chikwama, koma mkono unathera panjira.

Anapatsidwa mapiritsi oziziritsa asilikali aja, nauzidwa kuti azipewa dzuwa komanso azichita masewera olimbitsa minofu. Mapiritsiwo anali ndi zawo. Nkhope inazungulira ngati mwezi, njala inali ya munthu wolima, ndipo ankangosangalala popanda chifukwa, kuyimba nyimbo ngakhale pamzere wa kuchipatala. Poti manja sankafika kumutu, amuna awo ndiwo ankawapesa. Tsiku loyamba anatuluka m'nyumba tsitsi litapendekera mbali imodzi ngati denga lowombedwa ndi mphepo.

"Bambo, mutu si thabwa ayi!"

"Khalani chete, ndisanatenge sowo."

Sowo anaitengadi, koma ya mipando. Anadula miyendo ya mpando wa makasitomala, n'kukhomera akazi awo mpando wautali wosavuta kudzukapo. Tsopano kasitomala ankakhala pansipansi, iwo n'kumaluka zigongono zili m'nthiti, ngati akusoka. Kale ankamaliza mitu isanu ndi iwiri patsiku. Tsopano itatu, ndipo aliyense wa atatuwo ankachoka atamva za intaferoni, afune asafune.

Matendawa sanathe. Miyezi ina amabwerera, mapiritsi n'kuwonjezedwa. Koma patatha chaka, tsiku lina pochokera kuchipatala, anaponda sitepe ya basi n'kukwera okha, popanda wowakankha kumbuyo. Anaima pakhomo pa basiyo, chisoti chachikulu chili kumutu.

"Mwaona? Mwaonatu nonse?"

Palibe amene ankadziwa choti aone. Iwo anatsika, n'kukweranso. Kachitatu kondakitala anawagwira dzanja.

"Amayi, mukupita kapena mukutsala?"

"Ndikupita, achimwene, ndipo sinditsika!"

Anadutsadi pa siteji yawo dala, mpaka kumene basi imathera, akubayibitsa anthu osawadziwa pawindo, mkono uli m'mwamba.